Mpata wa a Kamphinda M'nyimbo ya Chizimalupsa

Zaka zimene ndinayenda ndi bokosi la bambo anga sindinaziwerenge. Ndikazikumbukira tsopano zimabwera ngati maloto a masana, aja umalota utatsamira khoma, khutu limodzi likumvabe nkhuku zikupalasa. Ndimaona msewu wafumbi, ndimaona mtengo wa pasiteji, ndimadziona ndikutsika basi, koma chaka chake ndi boma lake zinandithawa. Chimodzi chokha ndicho sindinaiwale, ndicho chimene chinandichotsa pakhomo. Ndinkafuna kumva mmene bambo anga ankaimbira.

Bambo anga anali a Layitoni Kamphinda. Anapita kumigodi ali mnyamata, ndipo pamene anzawo ankabwerako ndi njinga ndi mabulangete, iwo anabwerako ndi zinthu ziwiri, sakisofoni ndi chifuwa. Sakisofoniyo, lipenga lopindika la mkuwa, inawapatsa dzina m'maholo a dansi, masiku amene anthu ankavina jazi atavala masuti ndi nsapato zosongoka. Chifuwacho chinawatenga ine ndisanamere mano. Motero ndinakula ndi bambo a m'kamwa mwa anthu. Aliyense wondiona ankati, "Mwana wa Layitoni uyu? Ee, bambo ako ankaliza chitsulo mpaka chilankhule." Ndikafunsa kuti chinkalankhula zotani, ankangopukusa mutu n'kumwetulira. Zimenezi zinkandipsetsa mtima. Anthu amene anangowaona kamodzi, mwinanso ataledzera, anali nawo bambo anga m'makutu, pamene ine mwana wawo ndinalibe ngakhale kachidutswa.

Amayi atagona pa matenda awo omaliza anandiuza kuti nditsitse bokosi lakuda limene linkakhala pamtanda wa denga. Munali sakisofoni yochita dzimbiri lobiriwira ndi pepala limodzi lachikasu, lodzaza timadontho takuda.

"Imeneyo ndiyo inali nyimbo yawo yaikulu," anatero amayi. "Ankaitcha Chizimalupsa. Anali asanu m'bandi mwawo, aliyense ndi pepala la chida chake. Bambo ako atamwalira, anzawo anagwirizana kuti aliyense apite ndi lake, kuti pasapezeke woimba nyimboyo popanda anzake. Ili ndi la bambo ako."

"Ndiimbireni pang'ono, amayi."

"Ine? Ndinkangovina, mwanawe. Miyendo ndiyo inkaidziwa nyimboyo, ndipo miyendoyo ndi iyi ukuionayi."

Titameta maliro awo ndinanyamula bokosi n'kuyamba ulendo. Achibale anati mwana wamkazi sayenda ndi lipenga. Ndinawayankha kuti lipengalo silinandifunse.

Malo oyamba anali a mishoni, okhala ndi tchalitchi cha njerwa ndi mitengo ya bulugama. Kondakitala pondipatsira bokosi anafunsa ngati munali makina osokera. Ndinati eya, kuti nkhani ithe. Kumeneko ndinapeza a Nagama, mayi wamtali wophunzitsa kwaya, amene ankamenya tebulo ndi lula munthu akaphonya. Ndinkawatungira madzi ndi kuwasesera, iwo n'kumandiphunzitsa kuwerenga manotsi. Poyamba ndinkangoona mbululu zitakhala pa mawaya. Kenaka mbululuzo zinayamba kukwera ndi kutsika, ina yofulumira, ina yochedwa, mpaka tsiku lina ndinamva mawu ake m'mutu ndisanatsegule pakamwa.

Pamenepo ndinatenga pepala la bambo n'kuliwerenga. Chiyambi chinalipo, chanthabwala, chodumphadumpha. Mathero analiponso. Koma pakati, pamene nyimbo iyenera kukhala ndi mnofu, panali mizere yopanda notsi ndi imodzi yomwe, timikwasa topendekeka tokha basi. Ndinalira ngati ndaferedwanso.

A Nagama analiyang'ana pepalalo atatsitsa magalasi. "Usalire, iwe. Wokopera anatopa asanamalize, zimachitika. Koma tamvera. Ife m'kwaya, pa pepala la atenala timalembapo mawu a asoprano mwa timanotsi ting'onoting'ono, kuti munthu adziwe polowera. A jazi sangasiyane nafe. Chimene chikusowa apa chili pa mapepala a anzawo. Kapeze anthuwo."

Ankalankhula motsimikiza, monga ankachitira pa chilichonse, ndipo ine ndinawakhulupirira. Sindiwaimba mlandu. Anandiuza zimene ankadziwa.

Malo achiwiri anali tauni ya msika, ya phokoso la nyundo. Potsika basi, amayi ena ataona bokosi lakudalo anatsitsa mawu n'kundipatukira, poyesa kuti ndanyamula maliro a khanda. Sindinawawongole. Kuseri kwa msika, pakati pa zidebe ndi mbaula, ndinapeza a Bizaliyele, amene kale ankaimba tirampeti. Ndisanadzitchule dzina anaika nyundo pansi.

"Milomo imeneyo ndikuidziwa," anatero. "Wabwera mochedwa bwanji, mwana wa Layitoni?"

Ndinakhala nawo nyengo zingapo za mvula. Anandiphunzitsa kumasula chitsulo chija chidutswachidutswa, kupukuta dzimbiri ndi phulusa ndi mandimu, kudula tizikopa ta mbuzi totsekera mabowo kuti mpweya usathawe. Tinkapita kudambo kukasankha bango lokhwima, n'kumalipala ndi lezala mpaka lipyapyale ngati chikhadabo, chifukwa kabango kameneko ndiko kamanjenjemera pakamwa n'kubala mawu. Tsiku loyamba kuuzira, agalu a mumsika anauwa onse.

"Bambo ako nawonso anayamba ndi kuitana agalu," anatero a Bizaliyele. "Limbikira."

Pepala lawo ankalisunga m'chitini cha tiyi. Analitulutsa n'kuliyala patsogolo panga. Maso anga anathamangira pakati. Panali manotsi aatali, ogona, a munthu woperekeza mnzake, ndipo pamwamba pake panalembedwa ndi pensulo dzina limodzi, Layitoni. Timanotsi ting'onoting'ono ta a Nagama panalibe.

"Nanga apa ankaimba chiyani, bambo?"

"Apa? Apa ankaseka. Chitsulo chinkaseka, holo yonse n'kuseka nacho, osadziwa chosekacho."

"Tandiimbireni ndi pakamwa."

Anatseka maso, nayamba kung'ung'udza. Anaima. Anayambanso mwina, naimanso. M'kamwa mwawo munatsala mano owerengeka, ndipo mpweya unkangopita padera. "Ayi, si choncho," anatero. "Ndikumumva bwinobwino m'mutu muno, koma pofika pakhosi akusanduka ine. Pita kwa Donasiyano wa lipenga lalitali lija, toromboni. Iye ndiye ankakonda kulemba zinthu."

Anandipatsa pepalalo. Anati pangano lija silinkanena za mwana wa mwini nyimbo.

Malo achitatu anali mudzi wa fodya, wa zigafa zazitali ndi anthu akuda zala. Woyendetsa ngolo amene ananditenga panjira anafunsa ngati m'bokosimo munali mfuti. Ndinati ayi, koma anakhalabe chakutali. A Donasiyano ndinawapeza atagona kale kumanda. Mkazi wawo, a Nachisale, anandiyalira mphasa pakhonde, ndipo nditanena chimene ndadzera anaseka mpaka kutsokomola.

"Mapepala aja? Mwana wanga, malemuwo anali ndi mulu wa mapepala a nyimbo, ena ochokera kunja, osalala bwino. Chaka cha njala mapepala opichirira fodya atasowa, anayamba kusuta nyimbo. Anayamba ndi za azungu. Ankati zikupsa bwino. Ya bambo ako anaisiyira kumapeto, ndipo ankaing'amba pang'onopang'ono kuyambira pansi, akupepesa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachidutswa kakafupi ngati chikhatho. Panatsala mutu wa nyimbo ndi mzere woyamba. Pakati ponse panapita ndi utsi. Mumtima ndinawatukwana a Donasiyano, munthu wakufa amene sindinamuonepo. Ndinali wotsimikiza kuti bambo anga anali pa pepala limenelo, ndipo wina anawasuta atakhala pamthunzi.

"Inu munawamvapo bambo anga?" ndinafunsa.

"Ndinawamva. Musanamizidwe kuti ankaseka. Munthu uja ankalira. Akafika pakati pa nyimbo ija, ife akazi tinkasiya kuvina, aliyense n'kukumbukira amene anamusiya kwawo. Ine ndinkadana nayo nyimboyo, koma sindinkajomba."

Ndinatsala pamudzipo mpaka atatha kusoka fodya. Ndinaphunzira kusankha masamba, ndipo madzulo ndinkauzira chitsulo changa kuseri kwa chigafa. Chiyambi cha Chizimalupsa ndinkachitha tsopano, mathero ndinkawathanso. Ndikafika pakati ndinkaima, n'kumva mbuzi zikulira.

Kuchokera apo misewu imasokonekera m'mutu mwanga. Ndinaimba pa maukwati ndi anyamata a magitala, amene ankanditcha Mayi Lipenga. Ndinaimba pakhomo pa sitolo ina kuti ogula abwere. Kwina ndinakwatiwa, ndi munthu wabwino ndithu, wokonza njinga, koma tsiku lina anandifunsa mofatsa ngati ndingaike bokosi lija pamtanda wa denga, ndipo m'mawa mwake ndinali pasiteji. Ndimamukumbukira ndi chisoni. Sanalakwe kanthu.

Malo achinayi anali tauni ya njanji, kumene sitima inasiya kuima. A Sikelo, amene ankaimba bezi, chigitala chachikulu cha mawu apansi, anali ometa anthu pansi pa mtengo wa mango, galasi atalikhomera pathunthu. Nawonso anandizindikira ndi milomo yanga. Bezi yawo anagulitsa kalekale, koma anali atapanga ina ya bokosi la tiyi, ndodo ndi chingwe, ndipo makasitomala akasowa ankaidunda. Iwo anandiphunzitsa kusathamanga. Ankati woimba chitsulo ali ngati munthu woyenda pamlatho wa mtengo umodzi, ndipo bezi ndiyo mtengowo.

Pepala lawo linali kuseri kwa galasi. Ndinalitsegula mosafulumira, chifukwa mtima unali utayamba kale kundiuza. Pakati panali manotsi oyenda ngati mapazi, limodzi pambuyo pa linzake, ndipo pamwamba pake dzina lomwe lija la pensulo.

"Ena akuti ankaseka, ena akuti ankalira," ndinatero. "Inu mukuti bwanji?"

"Onsewo ndi abodza," anatero a Sikelo akunola lumo. "Layitoni ankakangana. Ankakangana ndi Mulungu, ndi akapitawo a kumigodi, ndi chifuwa chake chomwe. Ine ndinkaima kumbuyo kwake, ndinkaona msana wake ukunyowa. Pita kwa Wedisoni wa ng'oma. Iye ndiye anali naye pafupi kuposa tonse."

Ndinachedwa dala kunyamuka. Munthu amene wayenda nthawi yaitali amayamba kuopa kufika.

Malo omaliza anali tauni yaing'ono pansi pa phiri. Potsika lole palibe anafunsa za bokosi. Mtsikana wina anangoti, "Agogo, ndikulandireni katunduyo," ndipo ndinacheuka kufuna agogowo. A Wedisoni ankakhala kwa mwana wawo wamkazi. Maso awo anali atayera, osaona. Milomo yanga sakanaiona, koma nditapereka moni anatembenuza khutu.

"Bwerezanso," anatero. Ndinabwereza. "Umapumira pakati pa mawu ngati Layitoni. Khala pansi, mayi."

Ndinawafotokozera zonse, za a Nagama ndi timanotsi tawo, za chitini cha tiyi, za nyimbo yosutidwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatuma mwana wawo kuti atenge pepala m'Baibulo. Linali loyera kuposa onse. A ng'oma salemberedwa zambiri.

"Aphunzitsi ako aja anakuuza za kwaya," anatero. "Ku kwaya zonse zimalembedwa, chifukwa Mulungu safuna kudzidzimutsidwa. Ife sitinkatero. Pepala la bambo ako silinasiyidwe panjira, linamalizidwa. Timikwasa tija tikutanthauza kuti apa mwini chitsulo aimbe zimene zili mumtima mwake tsiku limenelo. Ife tinkangomuyalira mphasa, iye n'kumayendapo. Sanaimbepo mofanana kawiri. Amene anakuuza kuti ankaseka sananame, wa kulira sananame, wa mkangano sananamenso. Ngakhale la Donasiyano likanapanda kusutidwa, ukanapezapo dzina lokha."

"Nanga mbale ya galamafoni? Simunajambulepo?"

"Wojambula anabwera ndi makina ake. Anafika sabata imene Layitoni anayamba kulavula magazi. Anadikira pang'ono, n'kupita kukajambula ena."

Sindinalire. Ndinangomva kutopa kwa misewu yonse ija. Ndinati, "Ndiye kuti ndayenda pachabe."

"Mwina," anatero a Wedisoni. Sanali munthu wonyengerera. "Koma wasonkhanitsa mapepala amene sanaonane chimwalirire mwini wake. Tatsala atatu. Itana anzangawo. Tiimbe kamodzi tisanamutsatire."

Anabwera. Mmene anabwerera sindikumbuka bwino. Ndimangowaona akutsika lole imodzi, a Bizaliyele atapindika ngati chikwakwa, a Sikelo atakumbatira bezi yawo ya bokosi la tiyi, onse atavala majekete amene anawakulira. Anakumbatirana ndi a Wedisoni n'kuyamba kunyozana za ukalamba, ngati anasiyana dzulo.

Holo ya dansi ya m'tauniyo inali itasanduka mosungira chimanga. Mlonda anatitsegulira masana, dzuwa likulowa m'mabowo a malata. Munkanunkha mankhwala a anankafumbwe. Nsanja yoimbira inalipobe, matumba ataunjikidwa mbali imodzi. A Wedisoni anakhala pa thumba, chidebe chili pakati pa miyendo, timitengo tiwiri m'manja. A Bizaliyele analibe tirampeti kapena mano oimbira, ndiye anati aimba mbali yawo ndi mphuno. Mapepala ndinawayala pa matumba, ndi kachidutswa ka a Donasiyano komwe, pamalo pake.

"Iwe ima kutsogolo, pamene ankaima bambo ako," anatero a Sikelo. "Ukafika pampata paja, uimbe zako. Ndi mmene nyimboyi imayendera."

A Wedisoni anagogoda timitengo, ndipo tinayamba. Kwa nthawi yoyamba ndinamva chiyambi cha Chizimalupsa chili ndi anzake, bezi pansi, ng'oma pambali, mphuno ya a Bizaliyele ikulowa pamene ine ndapuma. Zimene ndinkaimba ndekha kuseri kwa zigafa zinali fupa chabe. Nkhalamba zija zinawongoka misana. Mlonda anavula chipewa.

Kenaka tinafika pampata. Onse atatu anatsitsa mawu nthawi imodzi, monga anazolowera kalekale, kuyala mphasa ija. Ndinakoka mpweya wambiri. Ndinali nazo zoimba, zaka zonse zija zinali pakhosi, ndipo zala zinali zitakhala kale pamalo pake. Ndisanauzire ndinacheuka pang'ono kuti ndione a Wedisoni.

Nkhope yawo inali itatembenukira pamene ndinaima, koma sankadikira ine. Ankamwetulira, mutu ukutsatira chinthu chimene chinkakwera ndi kutsika. A Bizaliyele anali atatseka maso, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, akung'ung'udzabe manotsi awo aatali. A Sikelo misozi inkatsikira m'jekete, ndipo pena ankadunda chingwe mwamphamvu ngati akuyankha munthu amene wawaputa. Pena onse atatu anagwedeza mitu pamodzi, a Wedisoni n'kufuula kuti, "Eyaa, pomwepo!" M'holomo munalibe mawu a chitsulo. Koma iwo ankawamva bambo anga.

Ndinadziwa kuti ndikangouzira, ndiwafafaniza. Mawu anga akanalowa m'makutu a anthu atatu omaliza, mmene munatsala a Layitoni Kamphinda, n'kukhala pamalo pawo. Ndinasiya kabango pamilomo, ndipo mpweya uja ndinautulutsira m'mphuno pang'onopang'ono kuti usamveke.

Ndinatchera khutu ndi mphamvu zanga zonse. Ndinkaganiza kuti mwina, poti ndaima pamalo pawo, pakati pa anzawo, kanthu kena kadontha n'kundifikira. Ndinamva chidebe, chingwe, mphuno ya nkhalamba, ndi njiwa zikuyenda pamalata. Sindinamve china.

Mpata utatha a Wedisoni anamenya chidebe kawiri, ndipo ndinalowa pa mathero, n'kuwaimba monga analembedwera. Nyimbo inatha. A Bizaliyele ankapukuta m'maso ndi tayi.

A Wedisoni anatambasula dzanja kundifunafuna, ndipo ndinawapatsa langa. Analigwira mwamphamvu, akupuma mofulumira ngati munthu amene wathamanga.

"Lero ndiye Layitoni wadziposa," anatero. "Sanaimbepo chonchi chikhalire. Wadziwa kuti mwana wake ali pompano. Wawamva bambo ako, mayi? Wawamva?"

Onse atatu anali atatembenukira kwa ine, nkhope zili ngwee, akudikira.

"Ndawamva, bambo," ndinatero.